Ntchito ya ekisireyi imayambira pa khomo, batani limabwera pambuyo

Funso la sabata ino lachokera kwa mnyamata yemwe wangomaliza kumene sukulu ya radiography, ntchito yojambula ekisireyi, ndipo amutumiza pa chipatala china cha pa boma. Walemba motere: "Kusukulu tinalimbikira kwambiri za kV, mAs ndi kaimitsidwe ka wodwala, koma kuno ndapeza kuti mashini savuta, ovuta ndi anthu. Sabata yatha agogo ena anakana kuvula malaya ndi mikanda, mkulu amene ndimagwira naye ntchito anawakalipira mpaka agogowo analira, chithunzi chinatuluka chogwedera tinabwereza kawiri. Tsiku lina tinajambula mayi wina m'chiuno, mawa lake tikumva kuti ali ndi pakati pa miyezi iwiri, ine sindinagone. Kodi udindo wanga pa wodwala umayambira pati ndipo umathera pati?"

Achimwene zikomo pofunsa, ndipo kusagona kwanuko kwandiuza zambiri za inu, ine amene ndimamuopa ndi uja amamva nkhani ngati imeneyi n'kungoti basi zachitika. Za mayiyo ndifikako, yankho lilipo ndipo mwina likukhazikani mtima pansi. Koma tiyambire kwa agogo aja. Tawerengani nokha, mwati munabwereza kawiri, nde kuti agogowo alandira cheza (radiation) cha ekisireyi katatu pofuna chithunzi chimodzi. Mashini analibe vuto, kV ndi mAs, manambala otchera mphamvu ndi kuchuluka kwa cheza, munatchera bwino, kungoti munthu amene akulira sangaime nji, sangakoke mpweya n'kuusunga, mapewa amakhala akunjenjemera. Nde anthu akamalankhula ngati luso la kujambula lili uku, kusamala wodwala kuli uko, ine sindigwirizana nazo. Pa zaka zomwe ndakhala m'chipinda cha ekisireyi zithunzi zambiri zomwe ndaona zikubwerezedwa zinali zitawonongeka kale batani lisanadinidwe, zinawonongekera pa khomo pomwe wodwala amalowera.

Udindo wanu umayamba mukangogwira fomu m'manja. Muiwerenge yonse, osangoyang'ana pomwe alemba CXR (pachifuwa) kapena pelvis (m'chiuno). Payenera kukhala dzina la wodwala, zaka, chiwalo chofunika kujambula ndi mbali yake, chifukwa chomwe akufunira chithunzicho, komanso dzina ndi saini ya amene watumiza. Fomu yongolembedwa kuti "x-ray leg" popanda kunena mwendo uti, pati, wavulala bwanji, imeneyo si yoti mungoganizira nokha, imbani foni kapena nyamukani mukafunse. Ndikudziwa kuti wongoyamba ntchito amachita mantha kubweza fomu ya dokotala kapena a kiliniko amene akhalitsa, koma lamulo loyamba la chitetezo ku cheza, lomwe bungwe la ICRP, lomwe limalangiza dziko lonse pa za cheza, limaika patsogolo pa ena onse, ndi loti kujambula kulikonse kukhale ndi chifukwa ndipo phindu lake lipose chiopsezo chake. Wodina batani ndinu, nde funso loti kodi chithunzichi chikufunikadi likukhudzani inunso. Pena mupeza kuti munthu yemweyo anajambulidwa dzana ndipo chithunzi chili m'kompyuta, amene wamutumiza lero sanadziwe chabe. Safunsa anadya phula.

Kenako ndi kutsimikiza kuti amene walowayo ndi mwini fomuyo. Kwathu kuno izi n'zofunika kuposa momwe mabuku amanenera chifukwa pa benchi limodzi mutha kukhala a Banda atatu ndi a Phiri anayi, komanso anthu athu ndi aulemu, mukafunsa kuti "ndinu a Phiri eti?" munthu wosamva bwino kapena wotopa ndi kudikira amangoti eya. Ine zinandichitikira ndili wachinyamata pa ntchito, pa chipatala china, ndinaitana dzina pakhonde anadzuka bambo wina ndinawajambula pachifuwa bwinobwino, patapita kanthawi akubwera bambo wina kudzadandaula kuti bwanji sindikuitanidwa, dzina lomwelo ndendende. Oyamba aja anabwerera bondo. Anapatsidwa cheza chomwe sankafunika, ndipo zikanapitirira chithunzi cha mapapo awo chikanalowa mu fayilo ya munthu wina amene ankamuganizira TB. Kuyambira tsiku limenelo ndimafunsa kuti "dzina lanu ndani, mumachokera mudzi uti, munabadwa liti" wodwala anene yekha ine ndikuyang'ana pa fomu ndi m'buku lake la kuchipatala. Agogo ambiri tsiku lobadwa salidziwa, palibe vuto, mudzi ndi mfumu yawo amadziwa. Ndimawonjezeranso kuti "chikukuvutani n'chani, mundiloze pomwe pakupweteka" chifukwa fomu ikati kumanja wodwala n'kuloza kumanzere, pamenepo mwapulumutsa zinthu. Wokomoka kapena mwana, funsani gadiyani kapena nesi amene wabwera naye.

Ndipo maka ya R ndi L, yosonyeza kumanja ndi kumanzere, iziikidwa pa kaseti yolandira chithunzi musanajambule. Pa mashini a digito anthu azolowera kudzalemba pambuyo pa kompyuta, koma chithunzi chitha kutembenuzika pa sikirini inu osazindikira, n'kulemba kumanja pomwe pali kumanzere. Maka ya mtovu yomwe yajambulidwa limodzi ndi wodwala siinama.

Tsopano za agogo. Taganizani mmene zinthu zimaonekera kwa iwo, achoka kumudzi m'bandakucha mwina pa kabaza, adikira maola angapo, alowa m'chipinda chozizira chamdima muli chimashini chachikulu cholendewera kudenga, ndipo mnyamata wa msinkhu wa mdzukulu wawo akuwauza kuti vulani. Kukana kwawo si umbuli ayi, ndi ulemu womwe anakula nawo. Mikanda ya m'chiuno kwa mayi wachikulire si chinthu choti mwamuna wachilendo aziyang'ana olo kuitchula mokweza pakhonde. Nde muyambe ndi moni weniweni, "agogo mwadzuka bwanji, ine ndine wojambula pano, adokotala akufuna tione mkati mwa chifuwa chanu, sizipweteka, sitibaya jakisoni, ndipo sizitenga nthawi." Kenako mufotokoze chifukwa chake, kuti mabatani, zipi, waya wa bra, mikanda, chingwe cha pakhosi, ndalama kapena foni zosungidwa pachifuwa zimatuluka pa chithunzi n'kubisa matenda omwe tikufunafuna. Munthu akamva chifukwa kawirikawiri amavomera yekha. Komanso muziganiza kaye ngati chinthucho chikutchingadi, pa ekisireyi ya pachifuwa mikanda ya m'chiuno nthawi zambiri imakhala pansi kunja kwa malo ojambulidwa, mwina sikanafunika n'kuitchula komwe. Chithumwa kapena mphinjiri musaseke, musanenepo kanthu, mungopempha kuti aisunthire pambali kapena aigwire m'manja mwawo mpaka titamaliza. Tsitsi lalitali loluka kapena la meshi alimange pamwamba, likagwera kumsana limaoneka ngati chinachake pamwamba pa mapapo.

Povula apatseni gawuni, ngati magawuni kulibe monga zimakhalira m'zipatala zathu zambiri chitenje chawo chomwe chimagwira ntchito bola chikhale chopanda pini kapena zonyezimira. Inu tulukani kapena tembenukani, chitseko chitsekedwe, ndipo ena asamangolowa kudzatenga mafomu munthu ali chivulire. Inu ndinu mwamuna, nde pojambula mayi kapena mtsikana m'chiuno, pamimba kapena paliponse pofunika kuvula, pakhale mayi wina, kaya nesi kaya wothandizira kaya gadiyani amene wodwalayo wamuvomera. Izi zimateteza wodwala komanso inu. Musanamukhudze munthu muzinena, "ndikugwirani apa kuti ndipeze fupa", dzanja lisangofika pa thupi la munthu mwadzidzidzi. Ndipo za kupuma muyeserere naye kaye, muonetseni inuyo, "kokani mpweya wambiri, sungani, musapume, chabwino pumani", kamodzi kapena kawiri musanapite kuseri kwa galasi. Zimatenga theka la mphindi, pomwe kubwereza chithunzi kumadya mphindi zisanu, nde olo mzere utalike bwanji kudekha ndi kumene kumafulumiza ntchito. Wodwala amene Chichewa sakumva bwino, kaya ndi wa Chiyao, Chitumbuka, Chisena kapena Chilomwe, pezani womasulira, kukweza mawu sikumasulira chilichonse.

Ena amabwera ndi mantha omwe anamva kumudzi, kuti ekisireyi imamwa magazi, imachepetsa masiku a moyo, imapha mphamvu za abambo, kapena kuti ukajambulidwa uyenera kumwa mkaka. Muziwayankha mwaulemu ndi zoona zake, magazi sachepa, cheza sichitsalira m'thupi mashini akazima, mkaka ndi wabwino koma sukukhudzana ndi nkhaniyi. Koma osanamanso kuti palibiretu chiopsezo chilichonse, chilipo chochepa kwambiri, n'chifukwa chake sitijambula mwachisawawa. Ndipo munthu wamkulu wa mutu wake wabwinobwino akamvetsa zonse n'kukanabe, ali ndi ufulu wokana. Simumukakamiza, simumuopseza, mumalemba pa fomu kuti wakana n'kudziwitsa amene anamutumiza.

Tifike pa mayi uja. Choyamba zoona zake za cheza. Ekisireyi imodzi ya m'chiuno imapereka kwa mwana wa m'mimba mlingo wa pakati pa 1 ndi 4 mGy (muyeso wa cheza chomwe chalowa m'thupi), nthawi zambiri kufupi ndi 1. ICRP mu chikalata chake cha nambala 84 cha mu 2000 inanena momveka kuti mlingo wosafika 100 mGy si chifukwa choti mimba ichotsedwe, ndipo kulumala kwa ziwalo kapena kusokonekera kwa ubongo wa mwana sikuyembekezeka pa mlingo wotsika chonchi. Chomwe chimatsala ndi kachiopsezo kakang'ono kwambiri ka khansa ya ana komwe kamawonjezereka pang'ono chabe pa komwe mwana aliyense ali nako kale. Nde mwana wa mayiyo mwachidziwikire ali bwino. Koma nkhaniyi isathere mu mtima mwanu mokha. Lembani lipoti, tsiku, zithunzi zingati, kV ndi mAs zomwe munagwiritsa ntchito, mukauze mkulu wa dipatimenti ndi dokotala amene akumuona mayiyo, ndipo mayiyo auzidwe mwachifatse ndi munthu wodziwa manambalawa. Choopsa kwambiri pa nkhani ngati izi ndi mayi kukamva kwa anthu ena kuti mwana wako abadwa wolumala, n'kupita kukachotsa mimba m'njira zoopsa chifukwa cha mantha opanda maziko. Kubisa cholakwa ndi kumene kumavulaza.

Chachiwiri ndi kafunsidwe, ndipo apa ndikhalapo pang'ono chifukwa mabuku ochokera kunja satithandiza mokwanira. Kwathu mimba yaing'ono sinenedwa wamba, mayi atha kudziwa bwino lomwe kuti ali ndi pakati koma osanena pagulu poopa maso a anthu, mwinanso apongozi ake ndi amene amuperekeza ndipo sanawauze. Mtsikana wa sukulu wa zaka 15 amayi ake ataima pambali sanganene. Nde mukafunsa pakhonde mokweza kuti "muli ndi mimba?" yankho lake ndi ayi basi. Funsani muli awiri kapena pali nesi wamkazi, gadiyani adikire kaye panja, ndipo muyambe ndi chifukwa, "funso ili timafunsa mayi aliyense chifukwa cheza sichifunika kufika pa mwana wa m'mimba, zomwe mundiuze zithera mom'muno." Kenako funsani kuti munasamba liti komaliza, kapena kumwezi munapita liti, osangoti muli ndi pakati kapena ayi. Ambiri ali pa jakisoni wa Depo kapena kachipangizo kolerera ka pamkono ndipo sasamba kwa miyezi, nde funsani ngati tsiku la jakisoni silinadutse. Oyamwitsa nawonso amatha kutenga mimba asanayambirenso kusamba. Malo ambiri amafunsa kuyambira zaka 12 mpaka 55 pa kujambula kulikonse kwa pakati pa nthiti za m'munsi ndi mawondo. Tsiku losamba likadutsa kapena pakakhala chikaiko, ndipo nkhani si ya changu, apite kaye akayezetse mkodzo, ndi mphindi zochepa chabe. Yankho lake mulilembe pa fomu wodwala asayine.

Komanso tisapitirire muyeso mpaka kumamana chithandizo mayi chifukwa ndi woyembekezera. Mayi wapakati amene akutsokomola magazi kapena wathyoka mkono ajambulidwe, cheza chofika pa mwana kuchokera pa chifuwa kapena pa mkono ndi chochepetsetsa, TB yosapezeka ndi imene ingaphe onse awiri. Olo m'chiuno momwemo ngati wachita ngozi ndipo dokotala waona kuti n'zofunika, timajambula, zithunzi zochepa, mosamala, zonse zitalembedwa.

Manambala ena oti muziyenda nawo m'mutu kuti muzitha kufotokozera anthu ndi awa. Munthu aliyense pa dziko lapansi amalandira pafupifupi 2.4 mSv (muyeso wina wa cheza, wowerengera chiopsezo chake pa thupi) pa chaka kuchokera ku nthaka, mpweya, zakudya ndi mlengalenga. Ekisireyi imodzi ya pachifuwa ndi cha m'ma 0.02 mSv, ngati ya masiku atatu a moyo wamba. CT ya pamimba, sikani ya ekisireyi yojambula thupi m'magawomagawo, ili cha m'ma 8 mpaka 10 mSv, ndiye kuti zaka zitatu kapena zinayi, nde CT si ekisireyi wamba yongowonjezera pang'ono ayi. Kwa ife ogwira ntchito malire ndi 20 mSv pa chaka potengera avereji ya zaka 5, kwa anthu wamba ndi 1 mSv pa chaka. Wodwala alibe malire olembedwa chifukwa amapindula ndi chithunzicho, chomwe chimamuteteza iye ndi dzanja lanu pa kolimeta, kachipangizo kochepetsera malo omwe cheza chikugwera. Chepetsani kuwala kuja kukhale pa chiwalo chofunikacho basi, makamaka kwa ana, khanda lofunika chithunzi cha chifuwa lisamajambulidwe thupi lonse kuyambira mutu mpaka mapazi, ine zimenezi zimandiwawa ndikaziona. Pa nthawi ya filimu ukachulutsa mAs filimu inkada bii aliyense n'kuona, pa digito kompyuta imakonza yokha chithunzi n'kutuluka chokongola, nde anthu amangokweza pang'onopang'ono osazindikira kuti odwala akulandira cheza chochuluka. Muziyang'ana kanambala ka exposure index, kosonyeza kuchuluka kwa cheza chomwe chafika pa kaseti, pa chithunzi chilichonse.

Mwana akafunika kugwiridwa agwire kholo lake kapena gadiyani atavala apuloni ya mtovu, ndipo mayi wogwirayo mumufunsenso za mimba. Inu kapena wothandizira wa pa dipatimenti musakhale ogwira ana tsiku ndi tsiku, gadiyani zimamuchitikira kamodzi, inu zikhala zaka 30. Mukapita ndi mashini oyenda nawo ku wodi chenjezani anthu mokweza musanadine, ndipo muime patali mamita awiri kapena kuposa, mtunda ukawirikiza kawiri cheza chimatsika kanayi. Baji yanu yoyezera cheza muzivala nthawi zonse mkati mwa apuloni, isamagone m'dirowa kapena kupachikidwa m'chipinda chojambulira, ndipo ngati simunapatsidwe funsani molemba kalata, ndi ufulu wanu. Ku Malawi kuno za cheza zimayendetsedwa ndi lamulo la Atomic Energy Act la mu 2011, ndipo bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority (AERA) ndi lomwe limayang'anira. Maapuloni asamapindidwe ngati chitenje, mtovu umasweka mkati osaoneka kunja.

Pali odwala ena amene sadzakana kanthu chifukwa alibe mphamvu yokanira, amenewa ndi ofunika maso anu kwambiri. Ngozi za njinga zamoto za kabaza zikutibweretsera anthu othyoka tsiku lililonse. Amene akumuganizira kuti wavulala khosi, kolala simuchotsa, mutu simuutembenuza, mumazunguliza chubu ndi kaseti wodwala ali chigonere. Mwendo womwe waoneka kufupika n'kugwera kunja musautembenuze kuti mupeze chithunzi chokongola cha m'buku, fupa la m'chiuno lothyoka mutha kulisuntha n'kuwononga mitsempha. Pomusamutsa pa tirole kupita pa tebulo mabuleki amangidwe, mukhale anthu okwanira, mmodzi atsogolere kuwerenga. Botolo la paipi ya m'chifuwa likhale pansi kuposa chifuwa nthawi zonse, thumba la mkodzo pansi kuposa chikhodzodzo, diripu pamwamba, okosijeni asachotsedwe kuti chithunzi chikome. Munthu amene wagona masiku ambiri mukamuimitsa mwadzidzidzi amachita chizungulire n'kugwa, mukhazikeni kaye pa mphepete pa bedi, akalephera jambulani atakhala. Ndipo poyang'ana chithunzi pa sikirini diso lina likhale pa wodwala, amene anali kubuula n'kungoti zii mwadzidzidzi, thukuta lozizira, milomo kutuwa, siyani zonse muitane thandizo. Muyenera kudziwa kupopa mtima, kukanikiza pachifuwa ka 30 mpweya kawiri, liwiro la 100 mpaka 120 pa mphindi, ndiponso kudziwa komwe kuli bokosi la mankhwala a changu musanalifune.

Za matenda opatsirana ndinena mwachidule popeza mukuzidziwa. Chipinda chathu ndi chomwe anthu otsokomola onse amadutsamo, ambiri asanadziwike kuti ali ndi TB, nde wotsokomola apatsidwe masiki, asadikire nthawi yaitali pakati pa ana ndi amayi oyembekezera, mpweya uziyenda m'chipindamo, inu muvale masiki ya N95 pomwe ilipo. Manja asambidwe musanagwire wodwala ndi mukamaliza, sanitayiza masekondi 20 mpaka 30, sopo ndi madzi 40 mpaka 60. Pomwe anthu amatsamiritsa chibwano pazipukutidwa, kaseti yopita pansi pa bala ikulungidwe mu pulasitiki, ndipo magolovesi omwe mwagwirira magazi asakafike pa kiyibodi.

Mukadzapita ku chipatala chachikulu komwe kuli CT mudzakumana ndi mankhwala a contrast, obaya mu mtsempha kuti ziwalo zioneke bwino pa chithunzi. Musanabaye funsani ngati anabayidwapo n'kuwawenga, za mphumu, za impso, ndi za shuga makamaka amene akumwa metformin. Muwauziretu kuti amva kutentha thupi lonse, kukoma kwa chitsulo m'kamwa, ndiponso ngati akodzedwa koma sanakodzedwe, mukapanda kunena munthu amadzidzimuka n'kugwedezeka sikani ili mkati. Akayamba kutupa nkhope, kubanika kapena kufooka mwadzidzidzi abayidwe adrenaline mu mnofu mwachangu, kwa wamkulu 0.5 mg, n'chifukwa chake contrast sabayidwa popanda dokotala pafupi. Ku MRI, sikani yogwiritsa ntchito maginito, kulibe cheza cha mtundu wathuwu koma maginito ake sazima olo usiku. Mu 2001 ku New York mwana wa zaka 6 anamwalira silinda ya okosijeni yachitsulo itakokedwa ndi maginito n'kumumenya m'mutu ali m'mashini. Aliyense wolowa m'chipinda chimenecho, kaya ndi dokotala wamkulu kaya wokolopa, amafunsidwa kaye.

Mwafunsa komwe udindo umathera. Pafupifupi wodwala aliyense potuluka amati "adokotala mwaonapo chani?" Musanene kuti zonse zili bwino pofuna kumusangalatsa, ndipo musanene kuti ndaona chotupa. Zonse ziwiri si zanu kunena, simunamupime, mbiri yake yonse mulibe, ndipo mawu anu iye awatenga ngati chigamulo mwina osabwereranso kwa amene anamutumiza. Ine ndimati "chithunzi chatuluka bwino chikuwerengeka, amene anakutumizani ndi amene akufotokozereni pamodzi ndi zina zomwe apeza, pitani lero lomwe musapite kunyumba kaye." Nkhope yanunso muziisamala, kuitana mnzanu kuti taonani izi wodwala akumva ndi kumuuza kale. Koma izi sizikutanthauza kuti muzitseka maso ayi. M'zipatala za pa boma ma radiologist, madokotala akatswiri owerenga zithunzi, kulibe, ndipo nthawi zambiri munthu amene waona zithunzi zochuluka kuposa wina aliyense pa chipatalapo ndi inuyo. Mukaona papo lafota mpweya wadzaza mbali imodzi, mpweya pansi pa nthiti kusonyeza kuti thumbo labooka, fupa la khosi lothyoka, kapena mwana wamng'ono ali ndi nthiti zothyoka zakale ndi zatsopano zomwe sizikugwirizana ndi nkhani yomwe makolo akunena, wodwalayo asabwerere pa mzere, mumuperekeze nokha kapena muimbe foni nthawi yomweyo ndipo mulembe kuti mwauza ndani nthawi yanji.

Chinsinsi cha wodwala chimaphatikiza chithunzi chake. Chithunzi cha munthu amene wameza chinthu chachilendo kapena wavulala modabwitsa si chotumizirana pa WhatsApp kuti anzathu aseke, olo mutabisa dzina, pa boma laling'ono anthu amadziwana. Ngati mukutumiza kwa katswiri kuti akuthandizeni kuwerenga chotsani dzina, tumizani kwa iye yekha, mukamaliza mufufute mu foni. Mukajambula mnansi wanu kapena wa ku tchalitchi kwanu, akazi anu kunyumba asamve kwa inu. Za ndalama ya fanta kuti munthu adumphe mzere musayambe n'komwe, amene amatsala pambuyo ndi agogo omwe aja opanda kanthu m'thumba, wotsogola pa mzere azikhala wodwalitsitsa. Kalembera wanu ku Medical Council of Malawi azikhala wa chaka chino, ndipo ntchito yomwe simunaphunzitsidwe, monga sikani ya ultrasound yomwe ambiri amangokankhiridwa chifukwa palibe wina, pemphani maphunziro kaye ndipo muzinena poyera pomwe luso lanu lalekezera.

Za mkulu amene anakalipira agogo, ndikudziwa kuti n'kovuta mwana wa dzulo kudzudzula munthu amene anayamba ntchito inu muli ku pulayimale, komanso mwina ndi munthu wotopa amene wakhala yekha pa dipatimentiyo zaka zambiri, ngakhale kutopako sikumupatsa chilolezo choliza wodwala. Musamutsutse pamaso pa wodwala. Tsiku lina zikayambanso mungoti "akulu bwanji ndiyesereko ineyo kulankhula nawo agogowa", mukatero mwateteza wodwala popanda kumuchotsera ulemu mkuluyo. Pa nthawi ya tiyi mutha kuyamba ndi nkhani ya zithunzi zobwerezedwa, mupemphe kuti muyambe kulemba m'kabuku chithunzi chilichonse chomwe chabwerezedwa ndi chifukwa chake, pakutha pa mwezi muwerenge limodzi, manambala amenewo amamveka bwino kuposa kudzudzula. Zikapitirirabe, makamaka ngati pali kutukwana kapena kukankha odwala, zikafike kwa mkulu wa chipatala kapena kwa ombudsman, wolandira madandaulo wa pa chipatalapo. Koma Lolemba likubwerali choyamba ndi lipoti la mayi uja, mupeze buku lomwe munalemba kV ndi mAs za tsiku limenelo, ndipo mufunse ku sikelo ya amayi oyembekezera tsiku lomwe adzabwerenso kuti dokotala akakhale naye pansi.